Chala cha Bambo

Lolemba, 3 Malichi

Ku ofesi ya ziphaso za mawailesi. Mabenchi atatu, fani yakufa, kalaliki mmodzi wamoyo pang'ono. Chiphaso cha Bambo cha wailesi yolankhulirana chitha pa 31. Dzina lawo la pa wailesi, zilembo zisanu zimene akhala akuitanidwa nazo zaka makumi anayi, lidzapatsidwa kwa wina. Pokhapokha mwana wawo akhoze mayeso: malamulo, komanso Mosi, chilankhulo chogogoda cha pa wailesi, mawu khumi ndi awiri pa mphindi. Mwanayo ndine. Madigiri awiri a zilankhulo, lero ndikaphunzire kugogoda ngati gogomole. Ndafunsa ngati lamuloli linamva zoti kunabwera foni. Kalaliki: "Lamulo silimva, bwana. Omva ndinu."

Bambo chimodzimodzi. Chigwereni sitiroko mu Disembala, pakamwa zii. Chala cha kumanzere chokha, go go go pachitsulo cha bedi. Adokotala akuti ndi mitsempha.

Lachinayi, 6 Malichi

Phunziro loyamba kwa a Mawaya, mnzawo wa Bambo, wokonza mawailesi. Kashopu konunkha mtovu wopsa. Kulira kwakufupi ndi ti, kwakutali ndi taa. Basi. Chilankhulo cha mawu awiri, koma chandituluka thukuta.

Malamulo: ndale ayi, malonda ayi, nyimbo ayi, kutukwana ayi. Ndafunsa chotsala chokamba. A Mawaya akuti nyengo ndi misana.

Ukamaliza kunena ndipo ukufuna yankho, umamenya K. Ukatsekeratu, SK. Mnzawo wa pa wailesi akamwalira amatinso wakhala SK, kiyi yake yogogodera yatonthola. "Ziwirizi usamaziphatikize, mwana wa mnzanga. Anthu angagule nsalu yakuda."

Lachiwiri, 11 Malichi

Mawu anayi pa mphindi. Mutu waukulu. Mayi a kunyumba akuti ndimagogoda ndi supuni patebulo osazindikira, alendo ayamba kuyang'anana. Achemwali, amene amasamala Bambo masana, akuti wailesiyo ikungodya malo, mlongoti wake tiyanikepo zovala. Pa zovala akunena zoona, ndi mlongoti wabwino.

Loweruka, 15 Malichi

Ndilembe bwinobwino.

Ndinali kuwawerengera Bambo buku la malamulo, mothamanga, kuti lithe. Chala go go go. Ndinapitiriza. Chala chinabwereza zomwezo, kachiwiri, kachitatu. Taa taa ti taa. Q. Kenako R. Kenako S. Tsamba 14 la buku lomwelo: QRS, chepetsa liwiro.

Miyezi itatu munthu akulankhula. Ife, banja lonse ndi adokotala athu, tikuti mitsempha.

Ndinatenga pensulo. Ndimayembekeza mawu akulu, a chikondi kapena a malo a kumudzi. Zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi: TIYI ALIBE SHUGA.

Ndinakalirira ku bafa, mpopi wotsegula.

Lachitatu, 19 Malichi

Achemwali akuti shuga analetsa ndi adokotala, Mosi kapena popanda Mosi. Koma za mlongoti sanazitchulenso. Dzulo ndinawapeza akukopera zilembo papepala la kalendala.

Bambo andilanda kwa a Mawaya. Mphunzitsi wankhanza, wa chala chimodzi. Ndikalakwa amamenya HI HI, kuseka kwa pa wailesi, nkhope osagwedezeka. Lero ndinasokoneza B ndi D kanayi. Anangogogoda: MADIGIRI AWIRI.

Mawu asanu ndi atatu. Masiku asanu ndi atatu.

Lachinayi, 27 Malichi

Mayeso. Tinali atatu: ine, msirikali wopuma ntchito, ndi mayi wina wa kubwalo la ndege amene amalemba akuyasamula. Malamulo ndakhoza onse, mpaka la nyimbo. Mosi: woyesa anayatsa makina, zilembo zinabwera ngati matalala padenga la malata. Khutu langa lazolowera chala chodwala, chopuma pakati pa chilembo ndi chinzake. Makina sapuma. Mawu asanu ndi anayi.

Kalaliki yemwe uja, mwaulemu wonse: mayeso ena mu Sepitembala, dzina silidikira munthu.

Sindinalowe kuchipinda kwa Bambo. Ndinauza achemwali kuti ndili ndi chimfine.

Lachisanu, 28 Malichi

Chala chakhala chikuitana kuyambira m'mawa. Chimamveka mpaka pabalaza. Poyamba ndinali ndi mwayi wosamva.

Ndinalowa. Ndinagwira chitsulo cha bedi nanenso. NDALEPHERA. DZINA LAPITA. PEPANI. Pofuna kunena kuti nkhani ya wailesi yathera pamenepa, ndinamaliza ndi SK.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndi diso lija ankandiyang'anira ndikabwera ndi lipoti la kusukulu. Chala chinadzuka. Pang'onopang'ono, kuti ngakhale wa madigiri awiri amve:

SINDINAFE.

Kenako: SHUGA.

Kenako K.

Achemwali apita kukagula mankhwala, abwera cha m'ma folo. Madzi awira. Masupuni awiri, ndipo Bambo ndikawayankha chiyani?