Fumbi la pa bokosi la nthambo

Okondedwa azakhali,

Landirani moni wanga. Kuno ku Nangongwe tili bwino, chifuwa cha amayi chatsikako. Ine ndekha mtima sunakhale pansi.

Ku ofesi komwe ndimasesa kuli bokosi lolumikiza makompyuta, amalitcha switchi, ndipo mumalowa nthambo makumi awiri ndi zinayi. Munandiphunzitsa kuti wopukuta sasiya fumbi m'makona, choncho Lolemba lililonse ndinkazula nthambo imodzi imodzi, kupukuta, n'kuibwezera pamalo pake.

Mwezi watha ba Mwanza, amisiri a makompyuta, anatchera alamu yoti nthambo ikazulidwa, uthenga uzifika pafoni yawo ku Lusaka. Bokosilo limalembanso tsiku ndi nthawi yake. Ine sindinadziwe. Lachisanu ba Mwanza anabwera ndi pepala la masiku ndi nthawizo n'kuuza abwana kuti wina akuseweretsa makina. Abwana anati munthuyo akapezeka, ntchito yake yatha. Onse anayang'ana ba Tembo, alonda athu.

Ndinangofinya tsache. Ba Mwanza atafika pageti ndinawathamangira.

"Ba Mwanza, ndine. Ndimapukuta fumbi."

"Iwe? Zonse zija, osasokoneza olo imodzi?" Anaseka mpaka kugwira geti. "Ine mwine wake nimasokoneza! Koma osagwirako futi, wamvela?"

Anabwerera kukandilankhulira kwa abwana. Ntchito ndikadali nayo, ba Tembo nawonso akadali pageti. Koma lero ndi Lolemba, azakhali, fumbi ndaliona pabokosi paja, manja akuyabwa, ndangowabisa m'chitenge. Muwapempherere manja amenewa.

Moni kwa amalume. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Esinati