Kompyuta Yatidumpha ku Chamama

Achimwene a Ernest,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mvula yayamba, fodya wa ku nazale wakula, koma feteleza tilibe.

Munalemba kuti kumeneko anthu amachita zisudzo zodzudzula akuluakulu, owonera n'kumawomba m'manja. Bwerani mudzayesere kuno! Loweruka lapitali alamu anu ndi gulu lawo anachita sewero pabwalo la tchalitchi. M'seweromo iwo ndiwo anali wapampando wa komiti yogawa makuponi a feteleza. Dzina la munthu sanatchule ayi. Aliyense wodzafunsa kuponi, iwo ankangokanda pamimba n'kunena kuti, "Dzina lanu kompyuta yadumpha, mayi."

Sewero lili m'kati, a Mphepo, wapampando weniweni, anadzambatuka. "Mukunena ine!" anakalipa, uku akukanda pamimba. Bwalo lonse linafa nalo phwete.

Lolemba ndinapita kukatenga kuponi yathu. A Mphepowo anandiyang'ana m'maso muno, osaseka, amvekere, "Dzina lanu kompyuta yadumpha, mayi." Mawu omwewo, achimwene! Ndinalakwanji ine? Ndinali m'seweromo? Chimanga changa ndithire chiyani, phwete?

Alamu anuwo akuti sasiya, Loweruka likubwerali akachita ku Lisasadzi. Za chigafa chathu cha fodya musafunse, chinapsa usiku. Anthu akuti ndi moto wolusa, koma udzu wa m'mbali mwake sunapse. Masiku ano ana ndikugona nawo kwa amayi.

Mukakaoneranso zisudzo kumeneko muwombe m'manja kwambiri, mutiwomberenso ife. Athu kuno adakali ndi phulusa.

Ndine mlongo wanu,
Elube