Galasi la Bambo

Brackenfell, Cape Town
21 Julaye, 2013

Okondedwa achimwene a Safeli,

Muli bwanji ku Salimako, inu, alamu ndi amayi? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira koopsa, mvula yake yosakata, moti ndikulemba nditafunda bulangete. Chithunzi cha nyumba munatumiza chija ndachiona. Mwagwira ntchito achimwene, khoma lafika kale pamazenera! Koma ndikupemphani chinthu chimodzi: auzeni amisiri athu, a Wahabu, ayambe aima kaye. Ndikudziwa mwakwinya kale nkhope. Tandimvani kaye.

Kuntchito kwathu zinthu zasintha. Kale abwana ankajambula nyumba mmene yawakomera m'maso, za kutentha n'kumadzaziona kumapeto zonse zitatha. Tsopano anagula pulogalamu ya pakompyuta, ndipo woiyendetsa ndine. Umalowetsamo pulani, n'kuiuza kumene nyumbayo yayang'ana, zomangira zake ndi nyengo ya kumene ikamangidwe. Ikatero imakuonetsa chipinda chilichonse ndi mtundu wake: chikabiriwira ndiye kuti munthu akhalamo bwino, chikafiira ndiye kuti aphikika. Poyamba akuluakulu ankaiderera, ati makina sangaphunzitse munthu kujambula. Lero sapita patali asanandifunse kuti, "Jennie, dzuwa likuti chiyani?"

Ndiye tsiku lina pa nkhomaliro ndinati tandiyeseko nyumba yathuyi. Ndinailowetsamo ndi nyengo ya ku Salima, mwezi wa Okutobala. Achimwene, chakudya chinandikanika. Chipinda cha amayi, chija chili ndi galasi lalikulu loyang'ana kumsewu kolowera dzuwa, chinafiira psuu kuyambira masana mpaka nthawi yogona. Ndinayesa kuikamo makatani, ndinayesa siling'i, koma sizinathandize kwenikweni. Inu mukudziwa mmene amayi amavutikira ndi kuthamanga kwa magazi kukatentha. Tikuwamangira uvuni, achimwene.

Zimene munene ndikuzidziwa. Pulaniyi si yanu, si yanga, ndi ya malemu bambo athu a Zakeyu. Anaitengera kunyumba ya azungu kumene ankasamala maluwa kuno, ndipo ali m'chipatala anatigwira manja tonse awiri n'kunena kuti, "Mayi anu mudzawamangire yagalasi ija, ndipo chipinda chagalasicho chikhale chawo." Mawu a malemu satsutsidwa, inenso ndinakula ndikudziwa zimenezo. Ndinakhala masiku mtima uli m'mwamba, mpaka kumailalatira kompyuta ngati ili ndi makutu.

Kenako ndinaiyesa nyumba yomweyo ndi nyengo ya kuno, galasi litayang'ana kumpoto monga ilili ya azungu ija. Yobiriwira bwinobwino! Kuno galasi lotero limakola kadzuwa m'nyengo yozizira, kukatentha denga n'kulitchinga. Bambo sananame, nyumbayo ndi yabwinodi, koma kwawo kwa nyumbayo ndi kuno.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Masiphumelele, komboni ina ya kuno, kukaona a Chakufwa, aja ankagona ndi bambo m'kanyumba kamodzi ka malata. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanawe," anatero, "bambo ako kuno ankazizidwa. Sankakuuzani eti? Madzi ankalowera pansi pa chitseko, tinkagona titavala majekete. Tsiku lopukuta mazenera kwa abwana awo, imeneyo inali Khirisimasi yawo. Galasi lija ankalipukutira mkati, pang'onopang'ono, loyera kale, n'cholinga choti dzuwa liwawombe. Pobwera madzulo ankati, Chakufwa, lero ndinali ku Salima, pakhonde ndi amake Safeli."

Ndinalira m'takisi njira yonse, anthu akundiyang'ana. Zaka zonsezi ine ndimaganiza kuti bambo ankafuna galasi kuti odutsa pamsewu aziti kwa a Zakeyu anthu anapita ku Joni. Mwina inunso mumaganiza choncho. Ayi ndithu. Munthu uja anapeza malo amodzi okha pamene thupi lake linkapuma, ndiye anafuna kuwapatsa akazi awo malo amenewo. Kungoti atakhalitsa m'chisanu anaiwala kuti kwathu chozunza munthu ndi dzuwa.

Ndiye pempho langa nali. Galasi tisalitaye, ndi la bambo. Tilisunthire kukhoma la kumpoto, kuja kuli mtengo wa mango, ndipo tiikeko khonde lotambalala. Kumsewu kukhale kazenera kakang'ono, kena moyang'anizana nako kuti mphepo izidutsa. Ndayesa kangapo, chipinda chikubiriwira. Pulani yatsopano ili mu envelopu momwemu. A Wahabu agumula mizere yochepa chabe ya njerwa, ndipo akadandaula muwauze kuti mlongo wanu ndi wovuta chibadwire, sakhala oyamba kumva zimenezo.

Inu ndinu aakulu, ndiponso ndinu amene muli pamalopo. Mukakana sindichita makani, ngakhale zindipweteka. Koma musanandiyankhe, mupite kaye kumeneko dzuwa litapendeka, mukaime m'chipinda cha amayi moyang'ana kumsewu, mukumbukire kuti uno ndi Julaye chabe.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi musawauze za mitundu ya pakompyutayi, angoti mwana wawo sukulu yamusokoneza mutu. Za majekete ndi madzi a pansi pa chitseko musawauzenso, bambo anabisa dala, tisawaululire ife. Mungowauza kuti a Chakufwa akupereka moni, ndiponso kuti amuna awo kuno akapeza kadzuwa, ankakhala ali nawo pakhonde. Khonde limenelo tiwamangire, achimwene.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Jennie