Nsalu Yanu Yayenda pa Kapeti Yofiira

Area 14, Lilongwe
Lachinayi, m'mwezi wa Meyi

Madiresi amene ndinaona pa kanema Lamulungu masana:
Osiya msana pamtunda: 17
Ong'ambidwa m'mbali mpaka pantchafu: 9
A mkono umodzi: 6
Okhala ndi mchira wokhwekhwereza pansi: 4
Amene eni ake analephera kukhala nawo pampando: 2
A nthenga: 1
Amene inu mukanalola kuti atuluke pamakina anu: 4
Onse pamodzi: 43
Lililonse ndaliwerenga kamodzi, potengera chimene chinayamba kundilowa m'maso.

Amayi, mwaswera bwanji uko muliko? Kuno tilipo ndithu. Chino ndi chaka cha khumi ndi chimodzi chichokereni inu. Kumunda kwathu ku Mitundu takolola matumba 23, pomwe chaka chatha anali 31, chifukwa mvula inadula milungu itatu chimanga chikumasula. Rute, chitsiriza wanga uja, wachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndiye adzukulu anga akwana asanu ndi atatu. Bondo langa lamanzere likundivuta. Masitepe a kutchalitchi alipo khumi ndi limodzi, ine ndimapumira pa lachisanu ndi chimodzi.

Koma chimene ndatengera cholembera ndi china, ndipo ndiyambe ndi kuulula. Nsalu yanu yobiriwira ija, yolemera ija, ya mtundu wa tsamba la mango, sili m'bokosi lachitsulo. Mayadi asanu ndi awiri aja amene munagula kwa bambo wachimwenye amene munkasokera pakhonde pake ku Old Town, n'kuwasunga zaka zonsezo mukuti ndi a tsiku lalikulu, ndinawapereka. Tsiku lalikululo simunatiuze kuti ndi liti. Ukwati wanga unadutsa, wa mdzukulu wanu Filipo unadutsa, nsalu ili chipindire.

Ndinapatsa Tiyamike, mwana wa Filipo, amene munamusiya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri akuba mabatani m'chitini chanu. Tsopano ali ndi zaka 23 ndipo amasewera m'mafilimu. Filimu yawo inaitanidwa kumwambo wopereka mphoto kuhotela ina ku City Centre. Anabwera mu Malichi n'kugwada pafupi ndi mpando wanga, amvekere, "Agogo, anzanga onse akubwereka zovala. Ine ndikufuna ndikavale chinthu chakwathu." Mawu amenewo anandikhudza. Ndinatsegula bokosi, n'kumupatsa nsaluyo monga munaipindira, osaitambasula n'komwe. Sindinamufunse kuti akasoketsa chiyani. Ndaphunzitsa masamu zaka 36, ndikuuza ana a eni kuti awerenge funso lonse asanayankhe, koma tsiku limenelo funso sindinalifunse.

Mwambowo ndikufotokozereni, chifukwa m'masiku anu kunalibe. Amayala kapeti yofiira kuchokera pamene galimoto zimaima mpaka pakhomo la holo. Aliyense amaima pamenepo, dzanja m'chiuno, chibwano m'mwamba, kuti amujambule. Kukacha, tauni yonse imaweruza chimene anavala. Za mafilimuwo palibe akuzikamba. Ndafunsa anthu asanu kuti mphoto yaikulu anatenga ndani. Anayankha mmodzi, ndipo analakwitsa.

Lamulungu masana anabwereza mwambowo pa kanema. Ndinaonera ndi aNachisale, a nyumba yoyandikana nafe, amene amaimba nane kwaya ya amayi. Ine ndinali ndi kope langa, iwo anali ndi pakamwa pawo. Atatulukira mtsikana woyamba, aNachisale anati, "Mayi aphunzitsi, ameneyu wavala kale kapena akupita kukavala?" Pa wa mkono umodzi anati, "Telala wake magetsi anamuthimira." Wa nthenga uja anamutcha nkhanga yothawa m'khola. Ndinaseka, Amayi, sindikana. Ndinaseka madiresi makumi atatu ndi limodzi.

La nambala 32 linali lobiriwira ngati tsamba la mango.

Kutsogolo linafika m'khosi, bwinobwino, ngati la mkazi wa abusa. Ndinapuma. Kenako mwana anatembenuka. Msana wonse pamtunda mpaka m'chiuno. Mwendo wamanzere unatulukira pong'ambika mpaka pantchafu. Ndipo kumbuyo kwake nsalu yanu inkatsatira pansi, yaitali ngati msewu, anthu akuilumpha. ANachisale anaika kapu ya tiyi patebulo. Kenako anati, "Koma nsaluyo ndi yabwino." Anatsanzika tiyi asanamalize.

Apa ndi pamene mutu wanga unaima. Diresi lanu la kutchalitchi linkadya mayadi atatu ndi theka, ndipo linkabisa zonse kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo. La Tiyamike ladya mayadi asanu ndi awiri, kuwirikiza kawiri. Tikatsata masamu, m'banja mwathu simunakhalepo mkazi wovala nsalu yambiri ngati iyeyu. Tikatsata maso, ndinaona mafupa a msana wake, ndipo ndinawawerenga, analipo asanu ndi anayi. Zonse ziwiri ndi zoona. Nanga munthu angavale kwambiri n'kukhalanso wosavala nthawi imodzi?

Lolemba Rute anandionetsa pafoni pamene anthu amalemba maganizo awo pansi pa chithunzi. Ndinawerenga ndemanga 306. Oyamikira anali 141, ena mpaka kumutcha mfumukazi. Onyoza anali 128. Otsala 37 sanalembe mawu, anangoika tizithunzi ta moto. Ngati motowo ndi wabwino, Tiyamike wapambana, 178 kwa 128. Ngati ndi moto umene abusa amalalikira, wagonja, 165 kwa 141. Rute akuti ndi wabwino, koma Rute amandiuza zimene akuganiza kuti zinditsitsa BP. Munthu wina analemba kuti, "Ameneyu kwawo kulibe akuluakulu." Ndemanga imeneyo ndinaiwerenga kamodzi m'kope, koma mumtima ndaiwerenga kambirimbiri, chifukwa wamkulu amene akuti kulibeyo ndine.

Lachiwiri m'mawa Tiyamike anabwera ndi jumbo yakuda. Maso anali otupa. Anaika jumboyo patebulo osakhala pansi.

"Agogo, mwaona?"

Ndinati ndaona.

"Ndiye mukuti bwanji? A pafoniwo atukwane, sandidziwa. Ine ndikufunsa inu."

Amayi, ndinatsegula pakamwa, mukanatuluka manambala okhaokha. Ndinamufunsa ngati wadya.

Anaseka kuseka kosakoma. Anati, "Chabwino. Diresi ndi limenelo. Ngati ndachititsa manyazi nsalu ya agogo aakulu, liduleni, mupange makatani. Ndibwera Loweruka kudzamva." Anatuluka osandipsompsona patsaya, chinthu chimene wakhala akuchita chiyambire kuyenda. Ndikayankha molakwa Lowerukalo, mwanayu sadzagwadanso pafupi ndi mpando wanga kudzapempha kanthu. Ndikamunamiza, adzadziwa, chifukwa nkhope yanga siidziwa bodza.

Dzulo ndinaganiza zothetsa nkhaniyi monga mukanaithetsera inu. Pamsana pakufunika nsalu ya mainchesi 18 kwa 14. Pong'ambika paja ndi mainchesi 27, pongofunika kulumikiza. Kumchira kuli mayadi atatu ongosesa pansi, ndinapezapo zidindo za nsapato khumi ndi zinayi. Kudula kumchira, kutseka kumsana, ntchito ya masana amodzi. Ndinatulutsa sizasi yanu ya zogwirira zakuda.

Ndikuyala diresilo, ndinakumbuka chaka chimene ndinabwera kutchuthi kuchokera kukoleji ya aphunzitsi, ndili ndi zaka makumi awiri. Inali nthawi ya lamulo lija loletsa akazi kuonetsa mawondo, ndipo ntchito yanu yambiri inali yotsitsa mipendero ya masiketi a atsikana a m'maofesi. Munkawauza kuti, "Bondo ndi la mwamuna wako ndi dokotala." Ine ndinali nditakweza siketi yanga ndi mainchesi awiri okha. Munandivula pakhonde pomwe munkasokera paja, n'kundimangirira chitenje, atelala aamuna asanu ndi anayi akuyang'ana kumbali. Munamasula mpendero wonse osandiyankhula. Ndinaima pamenepo mphindi makumi anayi. Chichokereni tsiku limenelo bondo langa silinaonenso dzuwa, mwina n'chifukwa chake likudandaula lero.

Munkati sizasi ilibe pepani, choncho ndisanadule ndinatembenuza mchirawo kuti ndione kunsi kwake. Mchirawo telala wa Tiyamike sanaudule, anangoupinda m'mphepete. Kunsiko ndinapeza ulusi woyera, wachita chikasu ndi zaka, wosokedwa motalikirana, wongogwira pamwamba osatulukira kumaso kwa nsalu. Ndinaudziwa nthawi yomweyo. Ndi mmene munkalembera podula pansalu yodula mtengo, chifukwa choko munkati chimadetsa. Kamfundo kanu kawiri kaja kali kumapeto kwa mzere uliwonse. Ndi zidutswa ziwiri za siketi, kutsogolo ndi kumbuyo, zolembedwa bwinobwino, zosadulidwa.

Ndinatenga tepi. Chiuno 30. Matako 41. Amayi, miyeso ya makasitomala anu ndinkalemba ndine m'buku, ndipo yanu inali patsamba loyamba. Ine nthawi imeneyo chiuno changa chinali 25, ndiye siketiyi sinali yanga. Kuchokera m'chiuno mpaka pabondo lanu panali mainchesi 23. Siketi ya ulusi woyerayi, kuchotsa mpendero, ndi 19.

Ndinayeza katatu. Ndinapukuta magalasi n'kuyezanso. Ndinabwereka tepi ya aNachisale, ndikunamizira kuti yanga yatayika, poganiza kuti mwina yanga yatamuka. Yawonso inati 19.

Ndayesa njira zonse. Mwina inali ya kasitomala wa thupi ngati lanu, koma nsalu ya kasitomala simunkagona nayo milungu iwiri. Mwina munalakwitsa, koma inu kulakwitsa ndi mainchesi anayi, pazidutswa zonse ziwiri mofanana? Ndipo nsaluyi munaigula dzinja lomwe lija munandiimika pakhonde, ndikukumbuka chifukwa ndinanyamula ndine pobwerera kunyumba, mvula ikugwa. Kodi munalemba musanandivule, kapena mutandivula? Ngati munalemba musanandivule, ndiye munkamasula mpendero wanga mukudziwa chimene chinali m'bokosi mwanu. Ngati munalemba pambuyo pake, ndiye siketi yanga ija munaiona kuti inali yokongola, ndipo simunanene. Mainchesi anayi pamwamba pa bondo, Amayi. Ine anga anali awiri. Munkafuna kupita nayo kuti?

Sizasi ndaibwezera m'kabati. Sindinganene kuti ndamvetsa. Msana uja sindikuukondabe, ndipo Loweruka ndidzamuuza Tiyamike mosabisa kuti kwa ine munthu sayenera kumva mphepo m'malo amene sangathe kudzikanda yekha. Koma mawu akuti manyazi sindidzawatchula, chifukwa sindikudziwanso kuti mwini nsalu akanati chiyani. Ndinkayesa ndikudziwa. Ndidzamukhazika pansi, ndidzatembenuza mchirawo, ndidzamupatsa tepi m'manja kuti ayeze yekha. Akadzafunsa kuti zikutanthauza chiyani, ndidzamuuza kuti agogo ake aphunzitsi funso limeneli lawakanika. Diresi adzabwerera nalo lathunthu. Lero ndachapa zidindo za nsapato zija ndi manja, mosamala, kuti ulusi wanu usaduke.

Kuwerengera komaliza:
Mayadi amene munagula: 7
Amene ndadula ine: 0
Tepi zimene zagwirizana: 2
Mainchesi amene simunandiuze: 4
Anthu odziwa za ulusi woyera: lero 1, Loweruka 2

Ndikulonjeza kuti nambala yomalizayo sidzafika pa 3. ANachisale sadzamva, Rute ndi Filipo sadzamva. Udzu ukauma ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo Tiyamike ndidzabwera naye, atavala chitenje.

Ndimakukondani monga kale, ngakhale mwandisokoneza mutu.

Ine mwana wanu,
Esinati