Ndigulitse kamera kuti ndipulumutse diso?

Aphungu,

Mundikhululukire kalembedwe, sukulu ndinaisiyira panjira. Ndine bambo wa zaka 29, wa mwana mmodzi, ndipo ntchito yanga ndi yojambula zithunzi: maukwati, maphwando, ana omaliza sukulu ndi zithunzi za ziphaso. Kwathu kuno dzina langa analiiwala kalekale. Amangoti a Mwetulirani, poti ndiwo mawu amene ndimanena tsiku lonse.

Kamera yanga si yamasewera. Ndinaigula zaka zinayi zapitazo pamodzi ndi malenzi awiri, fulashi ndi choimikira cha miyendo itatu. Ndalama yambiri inachokera kwa mkazi wanga. Iye amaluka tsitsi pakhonde, ndipo ankasunga zoti adzatsegule saluni yake. Tsiku limene ndinamuonetsa kamerayo pa foni anangoti, "Kaguleni, tsitsi silitha pamitu ya anthu. Saluni idikira." Mpaka lero akulukirabe pakhonde.

Vuto linayamba chaka chatha. Pambali pa kabowo kamene timasuzumirapo pojambula pali kagudumu kakang'ono. Umakapotokola kuti zooneka mkatimo zigwirizane ndi diso lako, kamodzi basi, n'kukaiwala. Ine ndinayamba kuona ngati muli nkhungu, ndiye ndinakasuntha pang'ono, zinthu n'kuyera. Patapita miyezi iwiri ndinakasunthanso. Kenako mwezi ndi mwezi. Mwezi wathawu nditati ndipotokole, kanakana. Kanali katafika pamapeto.

Sabata yomweyo ndinali ndi ukwati. Amene anandiphunzitsa ntchito ankadana ndi zoti kamera izidzisankhira yokha poyang'ana, choncho ine lenzi ndimawongolera ndi dzanja. Zithunzi zitatuluka, makatani a kumbuyo ankaoneka mpaka ulusi, koma nkhope ya mkwatibwi ili mbuu. Mayi ake anazitembenuza chimodzichimodzi n'kundifunsa mofatsa, "A Mwetulirani, kodi tinakuitanirani makatani kapena mwana wathu?" Ndinabweza ndalama zawo ndipo sanandiitanenso ku phwando la mdzukulu wawo.

Kunyumba ndinanena kuti mu lenzi mwalowa fumbi. Inenso ndinkafuna zikhale choncho. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza makamera. Anaiyang'ana, anabweza kagudumu kaja pakati, n'kujambula kalendala imene inali pakhoma. Pa kompyuta manambala anatuluka akuthwa bwinobwino. Ndiye anati, "Lenziyi ilibe mlandu, mphwanga. Tatseka diso lamanzere undiwerengere tsiku lofiira lili apolo." Sindinathe. Nditatulutsa ndalama anakankha dzanja langa. "Isunge, ukaonetse diso."

Kuchipatala anandipeza ndi shuga, ndipo diso lamanja, lomwe ndimajambulira, layamba ng'ala. Adokotala akuti shugayo atsike kaye, kenako opaleshoni, ndipo ndisazengereze. Mtengo umene ananditchulira, kuphatikiza mankhwala a mwezi ndi mwezi, ndilibe poutenga kupatula m'chikwama cha kamera.

Wogula ndamupeza, mnzanga wina amene ali ndi situdiyo. Akubwera Loweruka. Funso lake loyamba linali loti, "Yadina kangati?" Mwina simudziwa, Aphungu, kamera imawerenga yokha nthawi iliyonse ukadina, monga galimoto iwerengera mtunda. Nambala ikakwera, mtengo umatsika. N'chifukwa chake ine sindinkalola kudina zachabe. Mwana wanga, amene timamutcha Kanjuchi chifukwa amangong'ung'uza nyimbo, ali ndi zaka zitatu. Akandiona ndikupukuta lenzi amaima patsogolo panga, dzanja m'chiuno, n'kumati, "Ababa, inenso." Ine ndimamuyankha kuti, "Iyi ndi ya ntchito, pita amako akakujambule pa foni."

Dzana ndimakonza mafayilo pa kompyuta. Ana a eni ndinapeza zikwizikwi, onse akuseka. Chithunzi cha Kanjuchi chojambula ndi kamera imeneyi ndi chimodzi chokha, cha chiphaso. Wangoti duu, chifukwa ndinamuuza ndekha kuti, "Usamwetulire, sakalandira." Choti ine ndi iye tili limodzi palibiretu.

Mkazi wanga sakudziwa chilichonse. M'mawa uliwonse amandifunsa, "Fumbi lija lachoka, bambo a Kanjuchi?" Ine ndimati likuchoka. Pepala la kuchipatala ndinalibisa m'thumba la mabatire.

Ndikagulitsa, tidya chiyani? Ntchito ina sindidziwa. Ndikapanda kugulitsa, diso likupita. Ndipo ndikamuuza bwanji munthu amene anapereka saluni yake kuti tsopano palibe saluni, palibenso kamera? Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

M.T., wojambula zithunzi


A M.T.,

Gulitsani. Ndayamba ndi yankho chifukwa masiku akutherani. Makamera akupangidwa tsiku lililonse, ndipo mukachira mudzapeza ina, kaya yakale kaya yobwereka. Diso lamanja muli nalo limodzi. Mukaumirira chikwamacho mudzatsala ndi kamera yabwino yopanda woisuzumira.

Koma musanaonane ndi wogula, onanani ndi mwini wake mnzanu. Kamerayo si yanu nokha, ndipo kuigulitsa mayi a Kanjuchi asakudziwa ndiko kungawapweteke kuposa matendawo. Lero lomwe, makasitomala awo akachoka pakhonde, tulutsani pepala lija m'thumba la mabatire muwapatse m'manja. Musayambe ndi nkhani ya saluni. Nenani kuti, "Si fumbi, ndi diso langa, ndipo ndimaopa kukuuzani." Mwina akwiya kuti munabisa, ndipo ali ndi ufulu wokwiya. Koma ndikukayika ngati adabwe kwambiri. Munthu amene amagawa tsitsi kamzerekamzere tsiku lonse ali ndi maso. Funso lofunsa m'mawa uliwonse lija mwina si la fumbi ayi. Mwina akudikira kuti munene nokha.

Kenako bwererani kwa adokotala muli awiri. Ine si dokotala, choncho mafunso mukafunse iwo, ndipo mukawalembe papepala musanapite: shuga atsike kufika pati, opaleshoni ingachitike liti, pali njira yotsikirapo mtengo kapena yolipira pang'onopang'ono, nanga diso lamanzere lili bwanji. Mayi akamve okha za kadyedwe ndi mankhwala, poti m'nyumbamo simudya nokha.

Za malondawo, musagulitse ngati munthu wothawa. Mkulu wokonza makamera uja waonetsa kale kuti ndi munthu. Mufunseni mtengo woyenera wa chinthu chilichonse pachokha, ndipo ngati n'kotheka adzakhalepo Lowerukalo. Mnzanu wa situdiyo akudziwa kuti mwapanikizika. Zoti "ina ndidzamaliza mwezi ukatha" musavomere, chifukwa chipatala sichidzakudikirani.

Mukuti ntchito ina simudziwa. Sindikuvomereza. Anthu sanakutcheni a Lenzi, anakutchani a Mwetulirani. Kuimika banja la anthu makumi atatu pamzere, azakhali okangana n'kuima pamodzi, khanda lolira n'kuseka, si kamera imachita zimenezo. Manambala a makasitomala anu musagulitse nawo. Muuzeni mnzanuyo kuti maukwati amene muziwapeza muzipita awiri, iye azidina, inu muzikonza anthu, kusankha zithunzi ndi kukapereka maalubamu, n'kumagawana. Zidzachepa kusiyana ndi kale, ndipo miyezi ingapo nyumba idzadalira kwambiri tsitsi la pakhonde lija. Musachite nazo manyazi, koma muzithokoza mokweza. Ndipo tsiku limene mudzagwirenso kamera, mudzailole izidzisankhira poyang'ana. Amene anakuphunzitsani sanali ndi diso lanu.

Chenjezo langa ndi ili. Munasuntha kagudumu chaka chathunthu m'malo mopita kuchipatala. Musachitenso zomwezo ndi thupi lanu. Timadontho ta m'maso togula pamsika ayi, kudumpha mankhwala kuti akhalitse ayi. Ndalama ya kamera ikalowa, padzabuka mavuto khumi oifuna. Ipite ku diso.

Chotsala ndi Lachisanu. Masana, kuwala kukadali kwabwino, imikani kamera pa miyendo yake itatu pakhondepo. Mayi a Kanjuchi asuzumire ndi diso lawo labwino, inu mukhale kutsogolo, mwana pamiyendo. Akadina kokwanira, muitchere kuti idine yokha, nawonso athamange adzalowe. Dinani makumi atatu, makumi asanu ngati mukufuna. Pa zikwi zonse zimene kamerayo yadinira ana a eni, wogula sadzaona kusiyana, ndipo akaona, muchotsereni ya botolo la chakumwa.

Kanjuchi akadzaima, dzanja m'chiuno, musadikire kuti apemphe. Muuzeni mawu aja mwakhala mukuuza ana a anthu ena onse.

Aphungu anu