Chipepeso pa Imfa ya Tiyu Arlindo, Amene Anationetsa Kwathu Kuchokera Kumwamba

Kwa Dona Isaura ndi mwana wanu Raul, kwa abale a ku Quelimane amene uthengawu udzakupezani mochedwa, ndiponso kwa anthu onse a m'bairo, dera lathu la Chimadzi.

Zimene zikunong'onedwa pa mpopi, pa chigayo ndi pansi pa mlambe wa ogulitsa masawu tazimva zonse, pakuti ife atsikana ndife timaswera pa mzere wa madzi, ndipo makutu athu alibe zitseko. Akuti malemu Senhor Arlindo ankasunga zithunzi za midzi yathu itadzaza magazi. Akuti ndiwo ankalozera ndege za nkhondo poponya mabomba. Ena afika mpaka ponena kuti chimbale chija cholandirira zithunzi cha padenga la ku ntchito kwawo ndicho chinamanga mvula chaka chatha. Chifukwa cha manong'onong'o amenewa, pasiwa pali zii, ndipo adzukulu okumba manda sanaoneke. Ife a Gulu la Atsikana Oyang'ana Mitambo, amene talandira uthenga wa imfayi ndi kudzidzimuka kwakukulu ndi chisoni chosaneneka, sitingapepese maliro tisanasese minga imeneyi pakhomo pa anamfedwa.

Tiyu Arlindo, kapena kuti amalume, monga tinkawaitanira, atisiya atadwala malungo masiku owerengeka. Anali mlendo wa ku Quelimane, amene anafika muno mtendere utasainidwa kale, nthawi imene ifenso tinkatsika m'malole kuchokera ku misasa ya ku Malawi, mitolo ili pamutu. Ntchito yawo inali yowerenga zithunzi zojambulidwa ndi satelite, makina amene amazungulira dziko kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, kumene ndege sifika. Iwo ndiwo ankachenjeza a madimba a m'mbali mwa Zambezi madzi asanakwere, ndiwo ankauza mabungwe obwezera anthu kwawo kumene kwatsala madzi ndi msipu, ndiponso ndiwo anayenda khomo ndi khomo chaka chatha kunena kuti mvula yoyamba ija inali yonama, kotero kuti amene anawamvera sanaotche mbewu zawo m'nthaka. Mvulayo sanaimange, anangoiona isanationekere ife.

Gulu lathu analiyambitsanso ndi iwo. Anatipeza tsiku lina titabisala dzuwa pakhonde la gabinete, ofesi yawo ya zanyengo, tikukambirana za chibwenzi cha munthu wina amene sitimutchula pano. Anasuzumira pazenera nati, "Meninas, atsikana inu, pakamwa panu pakuthamanga kuposa mphepo. Lowani mudzajede mitambo, iyo sikwiya." Chinyanja chawo chinali chopindika, chothira Chinyungwe ndi Chiputukizi, ndipo tinkawaseka poyera, iwo n'kumaseka nafe. Ambirife sukulu inathera kumsasa, koma anatikhazika pa mipando ngati anthu, natiphunzitsa kuyeza mvula ndi chitini, ndi kuzindikira kuti chithonje choyera cha namondwe chikamazungulira pachithunzi panyanja kuseri kwa Beira, ndiye kuti amayi ayambe kufolera denga.

Tsopano imvani za magaziwo, popeza tinalipo, ndipo mwini nkhani watilola kuti tinene.

A Arminda, ogulitsa masawu, kwawo ndi ku Tsangano. Pobwerera ku Malawi sanafune kupondako, chifukwa ndiko anasiya amuna awo osawaika, nkhondo itawapha. Tsiku lina anabwera kudzakoka khutu mwana wawo Yolanda, amene anachedwa nafe, beseni la malonda lili pamutu. Pakhoma panali chithunzi chachikulu. Tiyu Arlindo, ndi mtima wawo wofuna kuonetsa aliyense, anafunsa, "Dona Arminda, kwanu ndi kuti?" Atamva yankho anaika chala pamwamba pa chithunzicho nati, "Apa."

Pamenepo panali pofiira psu, mapiri ndi zigwa zomwe. A Arminda anayang'ana, beseni linagwa pansi, masawu mbwee mpaka kunsi kwa meza. Anakhala pasimenti nagwira kumutu.

"Mayo ine! Sanaumebe? Magazi aja sanaumebe?"

Tiyu Arlindo anagwada pambali pawo, thukuta lili kamukamu. "Calma, mamã, mtima pansi." Anathamanga kukatenga chithunzi china, cha Tete wathu yemweyu, chotuwa ngati phulusa, kupatula timizere tofiira m'mbali mwa mtsinje.

"Apa mukupadziwa? Ndi madimba aja mumagulako ndiwo zamasamba za kovi. Kwafa ndani kumeneko?"

"Palibe," anatero a Arminda, akusisima.

"Diso la makinawa silili ngati lathu. Tsamba lamoyo limaliona lofiira, pouma limapaona potuwa. Kwanu kwafiira chifukwa kwabiriwira, mamã. Nthaka yapuma, ikudikira khasu."

A Arminda anapukuta misozi ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo, nayang'ana chithunzi, nayang'ananso mwini chithunzi. "Ndiye makina anuwa anawamwetsa kachasu wa masawu ndani, kuti asamadziwe tsamba?" Tiyu Arlindo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka tonse tinakwawa kutola masawu. Dzinja lomwelo a Arminda anakwera lole kukaona kwawo, anakalira pamene panayenera kuliridwa, nalima. Mbatata ya kachewere ija anagawa m'bairo muno inachokera pofiira pomwe paja, ndipo ena amene akunong'ona lero anadya nawo.

Nkhaniyi a Arminda anaifotokoza okha kumsika, akudziseka. Koma ife timaidziwa bwino njira ya nkhani: imachoka pakhomo itavala, ikamafika pa mlatho ili maliseche. Omva ananyamula mutu nasiya mchira. Panopa a Arminda ali pasiwa, maso otupa, akusonkha moto, ndipo atiuza kuti, "Lembani kuti wolira ndinali ine, woseka ndinalinso ine. Wotsutsa abwere adzandifunse."

Sitikunyoza munthu. Amene anagonapo m'dzenje ndege ikulira pamwamba ali ndi chifukwa choopera chilichonse choyang'ana kuchokera kumwamba, ndipo amayi athu omwe amadzidzimukabe ndi kulira kwa injini. Koma Tiyu Arlindo sanalozepo mudzi wa munthu kuti uphulitsidwe. Ankauloza kuti mwini wake abwerere.

Dona Isaura, m'dzina la atsikana onse a gululi, ine Nilza, wapampando wawo, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu, kwa achimwene athu a Raul, ndi kwa onse amene malemuwa anali mthunzi wawo. Inu munkatiwiritsira shaa, tiyi wanu uja, tikakhalitsa, munkatikalipira tikasokosa, ndipo simunatiwerengepo ngati ana a eni. Mulungu amene amaona dziko lonse nthawi imodzi, popanda makina, akupatseni mphamvu m'masiku owawitsawa, apukute misozi yanu, ndipo mzimu wa amuna anu uuse mumtendere m'nthaka imene anaitumikira ngakhale sinali yakwawo.

Zimene tingathe tazichita. Madzi tatunga, nkhuni tatola, nyimbo tikuimba, ndipo pasiwa sitichokapo. Koma mwambo sutilola ife atsikana kulowa kumanda ndi khasu, abale a ku Quelimane sangafike msanga ndi misewu yathuyi, ndipo kutentha kwa Tete sikudikira munthu. Maliro ayenera kuikidwa mawa. Lero m'mawa a Raul anaoneka akuyenda khomo ndi khomo kubwereka piki, ndipo amene anawabwereka anangowapatsira pampanda, osatuluka. Nonse mukudziwa kuti nthaka yakuno ndi miyala, ndipo nonse mukudziwa kuti kwathu konse, kaya ku Angónia, kaya ku Tsangano, kaya ku Nsanje, mwana sakumba manda a bambo wake.

Inu abambo ndi achimwene amene mukuwerenga uthengawu, kapena amene mwana wanu akukuwerengerani, kodi mawa mudzakhaladi pamthunzi n'kumamvera piki imodzi ikulira yokha?