Njele ya Jaki Kumutu Kwanu

Amai, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti thupi langa lalema ngati la munthu amene wasenza mphelo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati mlendo samulandila ndi madandaulo. Belita, mkazi wa alongo anga a Yotamu, wabeleka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Akuyamwa bwino. Kapumidwe kake ine sikandisangalatsa, koma Belita akuti mantha anga ndi omwe aja. Chimanga cha chaka chatha chinavundila ku depoti podikila malole, ndipo feteleza wa chaka chino wafika chimanga chitamasula kale.

Tsopano za mtengo wanu wa jaki, uja munadzala ku dimba ndi njele imene atate anapempha kwa Mmwenye wa sitolo ku Petauke. Chaka chino unabeleka modabwitsa, zipatso kulendewela pathunthu ngati ana a nkhumba. Koma a Yotamu akhala akuufuna chiikileni malilo anu. Kalipentala wina wa ku Nyimba anawauza kuti matabwa ake ndi achikasu, abwino mipando, ndipo iwo akufuna malata poti nyumba yawo ikudontha pamene pagona khanda. Ndinawagwila mwendo. Anati, "Mlongo wanga, mtengo wongodyetsa ana a eni ndi mileme? Mvula ikamatha usanabweletse kanthu pakhomo pano, nkhwangwa ilowa."

Ndiye ndinaganiza zoyanika, monga munkachitila inu kuti ana azipeza chotafuna pa njala, koma ine kuti ndikagulitse kwa a m'mabasi. Mafuta a saladi opaka pampeni kuti ulimbo wake usamate akusowa m'masitolo, ndinachita kusinja nshawa. Dzuwa nalo linkangosuzumila. Ndinamanga thandala m'khitchini, kamoto pansi, kutembenuza kachidutswa kalikonse mpaka maso kufiila ndi utsi. Zinauma bwino, Amai, zofiilila, zonunkhila ngati uchi. Lichelo lalikulu lija ndi dengu zinadzaza.

Pa siteshoni ya Nyimba, pomwe amai a nthochi amathamangila mabasi, ndisanatule n'komwe anyamata a chipani anali atafika. Khadi la chipani ndinali nalo, ndinalisokela m'thumba la mkati kuopa kutaya. Analitembenuza uku ndi uku, kenako wina anati, "Nanga izi ndi makutu a ndani mwayanika, amai?" Anzake kuseka. Analawa. Analawanso kuti atsimikize. Ananditengela kwa a cheyamani a msika, amene anati chinthu chachilendo sichingagulitsidwe iwo asanachidziwe. Anachidziwa ndi manja awili, china anakulunga m'nyuzi kuti akazi awo akachidziwenso. Pomaliza anati iwo alibe mphamvu, ndipite ku Boma ku Petauke kwa a zaumoyo.

Mukudziwa mmene ndimaopela maofesi. Komabe ndinakwela basi. Pa lodibuloko anatitsitsa, asilikali anapisa m'dengu kufuna kuona ngati pansi ndabisa shuga wopita ku malile. Shuga sanaupeze, koma dzanja silinatuluke lopanda kanthu.

Bambo wa zaumoyo sanali woipa, anandipatsa ndi mpando. Anatafuna nthawi yaitali, nati n'zokoma, koma iye sangalole pakamwa pake pokha. Anatapa zina zoti zikapimidwe ku Lusaka. Anati podikila yankho ndisagulitse, ndipo ndizitsekele m'mapepala a pulasitiki chifukwa cha ntchentche. Amai, mau anu ndinawakumbuka pomwepo, aja munkati chouma chimafuna kupuma ngati munthu. Koma ndinaopa kuti akadzabwela kudzaona n'kupeza zili m'dengu, adzati ndanyoza Boma. Ndinapempha mapepala a shuga akale m'mudzi monse, kuwatsuka, kuthilamo, kumanga ndi ulusi.

Ndadikila mvula yonse. Basi ikaima ndinkatuma mau kwa kondakitala wodziwana ndi a Yotamu kuti akandifunsile ku Boma. Yankho n'lomwelo: za ku Lusaka sizinabwele. Sabata yatha ndinamasula pepala limodzi, ndinapeza nkhungu yobiliwila ngati ndele za pachitsime. Ndinamasula lina, chimodzimodzi. Zonse ndinakhuthulila nkhumba. Anthu onse aja anadya jaki wanu nayamikila, Amai, koma wogula sanapezeke ndi mmodzi yemwe, poti sindinaloledwe ngakhale kutchula mtengo wake.

A Yotamu sanandinyoze. Anangoyang'ana nkhumba zikudya, nati, "Waona?" Mailo anabwela ndi kalipentala uja, anakumbatila thunthu kuyesa kukula kwake. Adula Loweluka. Sindingawaletse, denga lawo ndaliona ndekha, ndipo khanda lija ndi inu amene.

Koma pali chimene ndachita, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Lachiwili tinaika a Ngoma, aja ankasoka nsapato. Ine ndinali nditamanga njele imodzi ya chipatso chotsiliza pamfundo ya chitenje, yaiwisi, poti munkati njele ya jaki saigoneka, ikauma siimela. Anthu ali kuimba nyimbo yomaliza, ndinapatuka ngati ndikukazula udzu pamanda panu. Ndinakumba ndi chala kumutu kwanu n'kuikwilila.

Ndikudziwa kuti chipatso cha kumanda palibe amadya. Ana sadzachitola, ine sindidzachiyanika, ndipo cheyamani kaya msilikali sadzapempha kulawa. Komanso mtengo wa kumanda palibe amaudula, ngakhale denga lidonthe bwanji. Ndinaganiza kuti bola ukhale kumene kulibe wouyesa thunthu.

Chikundisowetsa mtendele ndi mizu. Jaki amazika kwambili, ndipo ndikuopa kuti idzakusautsani pogona. Mwina ndadzala pafupi kwambili. Ikadzakufikani mundikhululukile, muingokankhila pambali monga munkachitila ndi miyendo yanga pamphasa. Ndikuopanso mbuzi za a Tembo, zimene sizidziwa kuti kumanda salowako wamba. Ndaikapo minga, kaya ikwanila.

Loweluka sindidzapita ku dimba. Ndidzanena kuti mutu ukundiwawa, ndipo mwina udzakhala ukuwawadi.

Kumanda sindingabwele ndekha popanda chifukwa, mwambo mukuudziwa. Koma malilo sakusowa masiku ano. Ndikulonjeza kuti aliwonse amene ndidzapelekeze m'chilimwe chino, ndidzabisa botolo la madzi m'chitenje. Mukadzamva chinyezi kumutu, musadzadabwe, ndidzakhala ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mailesi